Mmene Mungabwezeretsere Mphamvu za Thupi ndi Mtendere wa Mumtima Kuno ku Chigwa cha Shire

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje mawu oti "ndangofooka" kapena "m'thupimu simuli bwino" timawamva tsiku ndi tsiku, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kwa ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula kumapitirira madigiri 40. Wonena mawuwa nthawi zambiri sakhala wodwala woti n'kugonekedwa m'chipatala, koma sakhalanso bwino. Amadzuka ali wotopa ngati sanagone, khasu limayamba kumulemera dzuwa lisanakwere n'komwe, akafika pakhomo amakalipira ana pa zinthu zosafunika kukalipa, ndipo usiku amangotembenuka pamphasa chifukwa cha kutentha ndi maganizo. Malangizo awa ndalembera munthu wotereyu.

Mphamvu za munthu zili ngati chakudya cha m'nkhokwe, ndipo thupi ndi maganizo zimatapa m'nkhokwe imodzi yomweyo. Dzuwa limatapa, ntchito ya kudimba imatapa, matenda obisala amatapa, nazonso nkhawa za ngongole ndi za madzi osefukira zimatapa. Zimene zimabwezeramo ndi madzi, chakudya, tulo, kupuma ndi kucheza ndi anthu amene amakukondani. Ntchito yathu pano ndi yoyerekeza zotuluka ndi zolowa, kenako n'kutseka pamene pakudontha, kuyambira pa chiboo chachikulu.

Yambani ndi sabata imodzi yongoyang'ana

Musasinthe kanthu kalikonse m'masiku 7 oyambirira. Pezani kope la ana asukulu, ndipo madzulo aliwonse mulembemo zinthu zisanu: nthawi imene munagona ndi imene munadzuka, makapu a madzi amene mwamwa, zimene mwadya, nthawi imene munamva kufooka kwambiri, ndi nkhani imene inakhalitsa m'mutu mwanu tsikulo. Ngati kulemba kumakuvutani, uzani mwana kapena mdzukulu kuti azikulemberani. Ena amaona ngati gawo ili n'lotaya nthawi, koma ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa munthu amene akuti amafooka nthawi zonse akayang'ana m'kope amapeza kuti kufookako kuli ndi nthawi yake. Wina amapeza kuti kumadza masana aliwonse amene wapita kumunda osadya kanthu, wina m'mawa wotsatira tsiku limene anamwa mowa, wina sabata imene ikuyandikira tsiku lobweza ndalama ku banki m'khonde.

Kenako pitani mukayezetse

Musanaimbe mlandu dzuwa kapena ukalamba, onetsetsani kuti m'thupi mulibe matenda amene akukudyani mwakachetechete. Chigwa chathu chili ndi malungo chaka chonse chifukwa cha madambo monga Elephant Marsh ndi Ndindi ndiponso ngalande za ulimi wothirira, ndipo madzi omwewo ndi amene amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Malungo obwerezabwereza, likodzo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi, ndipo munthu wochepa magazi amatopa msanga, amachita chizungulire akaimirira, mtima umamugunda akangokwera kachitunda kakang'ono, zikhato ndi m'kati mwa zikope zimayera. Mlamu wanga anakhala miyezi yambiri akudandaula kuti wakalamba msanga, mpaka tsiku limene anakayezetsa n'kupezeka ndi likodzo limene analitenga posodza. Atamwa mankhwala a praziquantel ndi owonjezera magazi, anabwerera kumunda ngati kale.

Mukafika kuchipatala, kaya ndi cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kaya ndi ku Ngabu, ku St Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona, fotokozani zonse ndipo mupemphe kuti akuyezeni malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Nenani ngati munaonapo magazi mumkodzo. Nenaninso ngati mwakhala mukutsokomola kwa masabata awiri, ngati mukuchita thukuta usiku kapena kuonda popanda chifukwa, pakuti izi zimafuna kuyeza TB ndi HIV. Kuthamanga kwa magazi n'koopsa chifukwa nthawi zambiri sikupweteka paliponse, choncho ngati makina aonetsa 140/90 kapena kuposerapo pa masiku osiyana, tsatirani zimene achipatala akuuzeni. Ngati muli kale pa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, musawasiye chifukwa cha malangizo ena aliwonse, ndipo ngati mukumwanso mankhwala azitsamba, auzeni adokotala mosabisa. Amene ali kutali ndi chipatala angathe kuyamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, kapena kuimba foni ku Chipatala cha pa Foni.

Madzi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kuno kwathu kufooka kochuluka ndi ludzu limene munthu sakulizindikira. Wodula nzimbe, wopalasa kabaza pamsewu wa Bangula, mayi wothirira kudimba ndi khasu kumanja, aliyense wa iwo angathe kutaya lita imodzi ya thukuta kapena kuposerapo pa ola limodzi dzuwa likaswa mtengo. Madzi akachepa m'thupi magazi amayenda movutikira, mtima umagwira ntchito yowirikiza, mutu umawawa, ndipo munthu amapsa mtima msanga ndi kuiwalaiwala. Apa m'pamene mungaonere bwino kuti thupi ndi maganizo n'chinthu chimodzi, chifukwa mkangano wina wa pabanja umene timati ndi khalidwe loipa umayamba ndi munthu amene waswera padzuwa osamwa madzi okwanira.

Chitani motere. Mukangodzuka imwani makapu awiri musanagwire chilichonse. Popita kumunda tengani chigubu cha malita 5, muchikulunge ndi chiguduli chonyowa ndi kuchiika pamthunzi kuti madzi asafunde. Pa ntchito yolemetsa imwani kapu imodzi pa mphindi 20 zilizonse osadikira ludzu, popeza ludzu limabwera thupi litayamba kale kuuma, koma musagugudize malita ambiri nthawi imodzi. Mboni yanu ndi mkodzo. Ukakhala woyererako ngati madzi a mandimu ndiye kuti zili bwino, ukakhala wochepa ndi woderako ngati tiyi ndiye kuti muli m'mbuyo. Tsiku limene mwachita thukuta kwambiri mpaka minofu kukokana, kapena mwatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Thanzi akasowa, ikani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Amene ali ndi matenda a mtima kapena a impso afunse kaye achipatala za kuchuluka kwa madzi oyenera iwowo.

Madziwo akhale otetezedwa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuti madzi ooneka oyera angathe kupha, choncho a mumtsinje ndi a pachitsime chosatetezedwa muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini kapena WaterGuard monga mwa malangizo a pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Mijigo ina ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo ndikudziwa mabanja amene amamwa pang'ono chifukwa cha kukoma kwake koipa. Ngati kwanu kuli choncho, ndi bwino kuvutikira ulendo wokatunga akumwa pa mjigo wabwino, amcherewo n'kusiyira zochapa.

Chenjezo limodzi lisakuphonyeni. Munthu amene anali padzuwa akayamba kulankhula zosokonekera, kudzandira kapena kukomoka thupi lili lotentha kwambiri, moyo wake uli pangozi. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo muthamange naye kuchipatala. Musamumwetse kanthu ngati sakudziwa kumene ali.

Gawani tsiku motsatira dzuwa

Makolo athu a Chimang'anja ndi a Chisena ankalawirira kumunda kusanache n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo sikunali ulesi. Ntchito yolemetsa monga kugalauza, kusenza ndi kudula ichitike kuyambira mbandakucha kufikira cha m'ma 10 koloko. Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko khalani pansi pa mtengo wa nimu kapena wa bwemba, muzichita zopepuka monga kusankha thonje, kusoka ukonde kapena kutongola chimanga, ndipo ngati n'kotheka mugoneko mphindi 20 kapena 30. Musapitirize kwambiri, kuopa kudzasowa tulo usiku. Dzuwa likapendeka bwererani kukamaliza zotsala. Amene ali pa ntchito yolembedwa, amene sangasankhe okha nthawi, avale chipewa chachikulu ndi malaya opepuka owala, ndipo nthawi yopuma ikakwana apumedi pamthunzi m'malo moithera pofuna kumaliza msanga. Kuthamanga sikufika.

Kwa aphunzitsi, ogulitsa m'magolosale ndi ogwira ntchito m'maofesi vuto ndi lina, chifukwa thupi lawo limatopa ndi kukhala. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu. Yendani m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapepa. Mlimi safunika kuwonjezera zimenezi, iye chimene akusowa ndi kuwongola msana ndi mapewa kwa mphindi zochepa akaweruka.

Chakudya

Kupita kumunda m'mimba muli zii n'kudzadya nsima yambiri kamodzi madzulo ndi chizolowezi chimene chimafooketsa anthu ambiri. Yambani tsiku ndi phala la mapira, la mchewere kapena la mgaiwa lothira nsinjiro kapena chitowe chosinja, ndipo kumunda mutengeko mbatata yophika kapena thobwa. Achipatala amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, ndipo chigwa chino, ngakhale chimadziwika ndi njala, chili ndi zonsezi pa nyengo yake. Tili ndi mlamba ndi makakana, nandolo ndi khobwe, masamba a sangowa amene ena amati cham'mwamba, malambe, masau ndi bwemba. Sikuti mbale iliyonse ikhale ndi zonse, koma tsiku lisathe mutadya nsima ndi ndiwo za mtundu umodzi zokha ngati pali njira ina.

Pali kanthu kakang'ono kothandiza ochepa magazi. Vitamini C wa mu malambe, masau ndi mandimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsa. Choncho madzi a malambe amwedwe pa nthawi ya chakudya, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Mchere wa tsiku lonse kwa munthu wamkulu usapitirire magalamu 5, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo muziwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma.

Za zakumwa za m'mabotolo zimene amati n'zopatsa mphamvu, zimene anyamata a kabaza ndi a njinga zamoto azikonda, ndinene mosabisa kuti ndi chikomekome cha nkuyu. Muli shuga wambiri ndi kafini, zomwe zimabisa kutopa kwa maola ochepa popanda kubwezera kanthu m'nkhokwe, ndipo theka la kafiniyo limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5, moti botolo la madzulo limadya tulo ta usiku. Kachasu nayenso amanamiza chimodzimodzi. Amagonetsa msanga, koma tulo take n'tosapumitsa, amaumitsa thupi, ndipo nkhawa imene munamwera imakudikirani m'mawa itakula. M'miyezi ya njala, pamene mabanja ena ku Nsanje amafika podya nyika za m'dambo, malangizo a zakudyawa amavuta kuwatsata, ndipo sindikufuna kuti wina adzione wolakwa chifukwa cha kusowa. Pa nthawi yotero chochepa chimene chilipo chigawidwe kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa akayezedwe kusikelo.

Tulo

Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Nyumba ya malata imasunga kutentha mpaka pakati pa usiku, choncho dzuwa likangolowa tsegulani mawindo a mbali zoyang'anana kuti mphepo idutse, sambani madzi ozizira musanagone, ndipo ngati mungathe ikani mphasa za bango kunsi kwa malata. Sambani pakhomo, osati ku Shire madzulo, kumene ng'ona zatenga anthu ambiri. Ambiri timagona pakhonde kapena pabwalo m'miyezi yotentha, ndipo palibe cholakwika malinga ngati neti yapita nafe. Zikani timitengo tinayi, mumange netiyo ndi kuipisa kunsi kwa mphasa. Gonani ndi kudzuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo foni muisiye patali, chifukwa mauthenga a pa WhatsApp onena za maliro ndi mitengo ya chimanga sasowa kudzutsa mtima pa nthawi imene ukufunika kugona.

Kuganiza kwambiri

Tikamati munthu akuganiza kwambiri timanena chinthu chenicheni chimene chimafika m'thupi. Mtima ukakhala ndi mantha, thupi limakonzekera ngozi: kupuma kumafupika, mapewa amauma, m'mimba mumatentha, chilakolako cha chakudya chimathawa. Izi n'zothandiza pamene mukuthawa madzi, koma zikakhala miyezi osatsika zimamaliza munthu ngati mmene chiswe chimamalizira mzati. Ife a kuchigwa tili ndi zifukwa zomveka. Tinaona madzi a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, ndipo alipo anthu ku Makhanga ndi m'midzi ya m'mbali mwa Ruo ndi Mwanza amene mpaka lero mitambo ikangoda kumapiri a Thyolo mtima umawathamanga. Ameneyo si munthu wopepera kapena wopanda chikhulupiriro, ndi munthu amene thupi lake likukumbukira.

Choyamba chimene mungachite panokha ndi kupuma mwadongosolo. Khalani pansi msana utatsamira khoma kapena mtengo, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere, kenako muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kwa mphindi 5, m'mawa ndi pogona. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo opemphera angaphatikize ndi pemphero lawo kapena nyimbo ya mumtima. Masiku oyamba maganizo adzathawirabe kwina, inu muzingowabweza ku kuwerengako mosadzikalipira.

Chachiwiri, tengani kope lija mugawe tsamba pawiri. Mbali imodzi lembani nkhawa zimene mungachitepo kanthu, mbali ina zimene sizili m'manja mwanu. Kuti mvula idzagwa yochuluka bwanji si zanu, koma kuika ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi mbewu m'pepala la pulasitiki pamalo okwera, kudziwa njira yopita kumtunda, ndi kugwirizana ndi banja za kumene mudzakumane, zimenezo ndi zanu. Pa nkhawa iliyonse ya mbali yoyamba lembani kanthu kamodzi kakang'ono kochita sabata ino. Ngati ndi ngongole, kanthuko kangakhale kupita kwa mwini ndalama tsiku lisanakwane kukapempha kubweza pang'onopang'ono, m'malo momuzemba pamsika. Ndaona kuti nkhawa imene yalembedwa ndi kupatsidwa tsiku lake siibweranso kawirikawiri pakati pa usiku.

Chachitatu ndi kulankhula, ndipo apa abambo ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa tinaleredwa kuti mwamuna salira. Mutu umodzi susenza denga. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya ndi amalume, ankhoswe, abusa, shehe kapena mnzanu wa kalekale, mumuuze kuti, "Achimwene, pali nkhani imene ikundisowetsa tulo, ndimafuna mungondimvera." Inunso wina akadzakuuzani mawu otere, musafulumire kumulangiza kapena kumuuza kuti alimbe mtima, yambani mwamumvera mpaka amalize. Musadzipatule ku kwaya, ku mpira, ku bawo kapena kubwalo kumene kukulira valimba ndi ng'oma za utse ndi likhuba, chifukwa kuimba ndi kuvina pamodzi kumamasula thupi ndi mtima nthawi imodzi.

Pali malire amene kudzithandiza nokha kumathera. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, kudya ndi kugona kwasokonekera ndipo mukudziona wopanda pake, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Pa zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje pali ogwira ntchito amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo kuwaona sikutanthauza kuti mwachita misala kapena kuti akutumizani ku Zomba. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, mupite naye kuchipatala, ndipo apabanja achotse pafupi mankhwala a thonje, a mbewu ndi a makoswe.

Kubwerera ku kope

Musayambe zonsezi tsiku limodzi. Mukabwera koyezetsa, sankhani chinthu chimodzi chimene kope lanu laonetsa kuti ndicho chikudontha kwambiri, muchigwire sabata yathunthu, kenako muwonjezere china. Kwa ambiri dongosolo labwino ndi madzi sabata yoyamba, phala la m'mawa ndi kupuma masana sabata yachiwiri, tulo sabata yachitatu, kupuma mwadongosolo ndi tsamba la nkhawa sabata yachinayi, koma amene chikumupweteka kwambiri ndi maganizo ayambire komweko. Pakatha masabata anayi lembaninso zinthu zisanu zija kwa masiku 7 ndi kuyerekeza ndi tsamba loyamba. Ngati kufooka kwa masana kwachepa ndipo mukudzuka kamodzi kokha usiku m'malo mwa katatu, pitirizani. Ngati palibe chimene chasintha, nyamulani kopelo mubwerere nalo kuchipatala, chifukwa lidzathandiza adokotala kuona zimene simukanazikumbukira pakamwa. Ndipo nyengo ikasintha, mvula ikayamba mu Disembala kapena mwera ukayamba kuwomba mu Juni, tsegulani tsamba latsopano, popeza nthawi yodzuka, madzi akumwa ndi nkhawa za miyezi imeneyo sizifanana ndi za mu Okutobala.